Anawalira Maliro Ali Moyo

"Ndati loko uyu akhala pachitseko, ndipo akhala!" anatero Lombe, akugwedeza loko watsopano pamaso pa mkazi wake ngati wakola nsomba yaikulu.

"Pachitseko cha ndani? Cha mbuzi?" anafunsa Nsofwa osadzutsa mutu. Anali atagwada pakhonde, akutsuka zilonda za m'miyendo ya bambo ake ndi madzi amchere.

"Bana Kampamba," anatero Lombe, pomuitana ndi dzina la mwana wawo monga amachitira Abemba, "musandiyankhe ngati simunaone. Mudzi wonse waona. Munthu wamkulu chonchi, kumupeza m'mamawa ali pamwamba pa mtengo wa mapeyala wa eni ake, nkhwangwa ili m'manja, malaya palibe! Mwati anthu anene chiyani?"

"Anene kuti Tata amasadza nthambi. Ndiyo ntchito imene agwira moyo wawo wonse. Si iwowa anakuphunzitsani kukwera mtengo ndi kudula nthambi zootcha m'munda wa mawere, chaka chimene munabwera kudzakwatira kuno miyendo ikunjenjemera?"

"Nthambi za kuthengo, osati mapeyala a Bashi Chomba! Ndiponso anthu sakunena za nthambi. Akuti apongozi anagwa pa ndege ya ufiti, mafuta atawathera. Akuti ndege yake ndi banjo yawo ija."

A Katongo, amene ankakambidwawo, anali pampando akumwetulira ngati mlendo wa pa ukwati. Anamukoka Nsofwa chitenje.

"Mayi," ananong'ona mokweza, "mnyamata wolongololayu ndi wa msonkho? Ngati wabwera kudzakufunsirani, mumukane. Ali ndi makutu a munthu waulesi."

Nsofwa analuma mlomo kuti asaseke, koma mawu akuti "mayi" anamulasa. Chimwalirireni mayi ake, a Mwango, dzinja la chaka chatha, mutu wa bambo ake unayamba kudontha ngati dengu lakale. Poyamba ankaiwala pamene aika fodya. Kenaka anaiwala njira ya kudimba. Tsopano mwana wawo yemwe ankamupatsa moni ngati munthu amene akumana naye pa siteshoni ya Mpika.

"Mwamva?" anatero Lombe. "Ndine wa msonkho tsopano. Mverani, Bana Kampamba. Kuokala kwanga anthu aleka kugula ngakhale machesi. Akuti mchere wanga umachokera kumanda. Zimenezo tizisiye. Mwaiwala zimene anawachita agogo aja a kutsidya kwa njanji? Nawonso ankangoyendayenda, kulankhula okha. Anyamata anawatenthera nyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Chibale ndi fupa, Bashi Kampamba, sichiola."

"Fupa lomwelo likapsa ndi moto limasanduka phulusa. Mukufuna mudzatole phulusa la bambo anu?"

Nyumba ya agogo aja Nsofwa anaiona ndi maso ake, zipupa zokha zitaima, zakuda bii. Anafinya kansalu m'mbale mpaka madzi anatha, n'kupitiriza kufinya.

Masana omwewo anatulutsa matumba a chinangwa m'kachipinda ka kuseri, nayalamo mphasa. Lombe anawatsogolera apongozi ake mwaulemu wonse, natseka chitseko. Banjo anaichotsa mawaya n'kuiponya m'nkhokwe. Atatero anatambasula dzanja.

"Kiyi musunge ndinu. Sindifuna mawa anthu adzanene kuti mkamwini anatsekera apongozi ake. Wofunsa aliyense mumuuze kuti apita ku Kitwe kwa mlongo wanu."

Nsofwa anamanga kiyi uja pamfundo ya chitenje. Kanali kachitsulo kakang'ono, koma kankamulemera ngati mwala wamphero.

Masiku oyamba a Katongo ankagogoda chitseko ali m'kati, n'kumaitana mwaulemu kuti, "Odi kunjako! Kodi eni ake alipo?" Nsofwa akamawapititsira chakudya ankawapeza atakhala tsonga, dzanja lamanzere lili m'mwamba, zala za kumanja zikukanda nthiti ngati pali mawaya. Ankadziwa nyimbo imene zalazo zinkafuna. Inali nyimbo imene bambo ake anapeka ali mnyamata pofunsira mayi ake, ya anthu awiri: mwamuna aitane, mkazi ayankhe. Anaimbira limodzi m'maukwati, pamowa wa m'munda, ngakhale pakhomo mayi ake akusinja. Chiikireni maliro, Nsofwa sanaiyikeko pakamwa. Ankaopa kuti imutsamwa.

Sabata yachiwiri, kugogoda kuja kunaleka.

Tsiku lina chakumasana, Lombe ali kuokala, kunamveka mawu kumpanda.

"Odi kuno kwa akuba! Bisani zimene mwaba, kwabwera anthu!"

Anali NaSoko, chigubu cha munkoyo chili pamutu. Mayiyu anali Mngoni wa ku Chipata. Anabwera kale ndi mwamuna wake wogwira ntchito ya njanji, ndipo mwamunayo atamwalira iye anatsala, akuti pofuna kuphunzitsa Abemba kusamba. Pakati pa Mngoni ndi Mbemba pali chimbuya: amanyozana mmene angathere, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Masiku amene a Katongo ankaimba banjo, a Mwango akuyankha, woimba ng'oma anali NaSoko yemweyu.

"Lowani, odya mbewa," anayankha Nsofwa, akuyesa kuseka. "Koma mwasamba m'manja?"

"Ndisambirenji pobwera kwa odya anyani? Tanditula, mwana iwe. Ali kuti kapolo wanga Katongo? Ndamubweretsera munkoyo, anyowetse kukhosi."

"Tata apita ku Kitwe."

"Ku Kitwe." NaSoko anakhala pakhonde, nayang'ana pakona pamene panali nsapato za matayala ndi chipewa chakutha. "Wapita wopanda nsapato, mutu uli pamtunda? Abemba mumaba chilichonse, koma kuba bodza labwino kwakukanikani."

"Achimwene anawagulira zatsopano."

Nthawi yomweyo kuseri kwa nyumba kunamveka chifuwa, chouma, chachitali.

"Ee! Ku Kitwe kwayandikira masiku ano," anatero NaSoko. "Munthu akatsokomola kumeneko timamva kuno."

Nsofwa anayesa kuyankha, koma m'malo mwa mawu kunabwera misozi. Anafotokoza zonse: za mapeyala, za ndege, za nyumba ya agogo a kutsidya. NaSoko anamvetsera akutafuna m'kamwa mopanda kanthu.

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna," anatero pomaliza. "Ndipo za mbewa uzifunsa ine. Katsegule."

"Sindingathe, Amayi. Bashi Kampamba anati..."

"Kiyi ali ndi ndani?"

Dzanja la Nsofwa linapita lokha pamfundo ya chitenje. NaSoko analiona dzanjalo, naona nkhope. Anadzitwika yekha chigubu chake.

"Munthu amene saoneka, sadya ndi anzake, dzuwa silimuwomba, kwathu timati wamwalira," anatero ali pampanda. "Ndipo Mbemba akamwalira, ntchito ndi ya Angoni."

Nsofwa anaganiza kuti ndi pakamwa chabe pa NaSoko, poti mayiyo sankachoka pakhomo pa munthu osasiyapo mawu oluma.

Masiku otsatira a Katongo anayamba kubweza chakudya. Ngakhale chikanda, chimene kale ankachibisa m'thumba la malaya kuopa adzukulu, ankangochiyang'ana. Ankagona chopenya kukhoma, zala zili duu.

"Akutha, Bashi Kampamba," anatero Nsofwa madzulo ena. "Tiwatulutseko, angoothera dzuwa kuseri."

"Pamene anthu ayamba kuiwala? Dzulo mkazi wa Bashi Chomba wagula sopo. Pirirani pang'ono. Walira mvula walira matope."

"Ine sindinalire mvula."

"Koma kiyi muli naye ndinu," anatero Lombe, natembenukira kwina.

Loweruka m'mawa, Nsofwa akusesa, kunamveka kulira kumsewu. Sikunali kulira kwa munthu mmodzi. Anaponya tsache n'kuthamangira kumpanda. Patsogolo panali NaSoko, nsalu itamangidwa m'chiuno, manja ali kumutu. Pambuyo pake panali Angoni onse a kumsika ndi a kunyumba za njanji: wina khasu, wina fosholo, wina ng'oma, amayi awiri atanyamula beseni la ufa wa chinangwa. Pambuyo pa iwowo pankabwera mudzi wonse, poti kulira kwa maliro sakuitanira munthu.

"Mayo ine, Katongo!" ankalira NaSoko, maso ali gwa. "Wapita osandibwezera mpeni wanga! Wapita ndi nyani m'mimba! Adzatibera ndani ife?"

Analowa pabwalo ngati kwawo. Anyamata anayamba kuthamangitsa nkhuku. Ena anazula mitengo ya mpanda n'kusonkha moto pakati pa bwalo. Lombe anabwera chothamanga kuchokera kuokala, kiyi wa okala ali m'manja.

"Chikuchitika n'chiyani pano? Wamwalira ndani?"

"Pepa, mkamwini, pepa," anatero NaSoko, namukumbatira. Amayi a beseni aja anamuthira ufa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Apongozi ako atisiya."

"Apongozi ali ku Kitwe!" anakuwa Lombe, akulavula ufa.

"Tayimba foni timve mawu awo."

"Foni yatha moto."

"Ndiye amwalira. Gwirani tambala uyo, wonenepayo!"

Lombe anatsegula pakamwa, nayang'ana anthu, natsekanso. Akanatani? Munthu wokwiyira Mngoni pamaliro amasekedwa mpaka ku Kasama, ndipo tsiku lake likadzafika, manda amadzikumbira yekha. Anangoima poteropo, woyera mbuu ngati chinangwa chosendedwa.

"Nkhani ndi yachidule," anatero NaSoko, akutembenukira khamu. "Ngati Katongo ali moyo, tionetseni. Ngati wafa, tipatseni mtembo. Makasu tabwera nawo."

Mnyamata wina amene analowa m'nkhokwe kufuna mawere a pamaliro anatuluka atanyamula banjo yopanda mawaya. Anthu ena anabwerera m'mbuyo. NaSoko anailanda, naikwera ngati njinga.

"Ndege ija nayi! Ndani akufuna ku Lusaka? Kwerani, malo alipo! Iwe Chomba, bwera ukhale kutsogolo, ndiwe unaiona ikutera."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Bashi Chomba, mwini mapeyala uja, sanaseke.

"Sekani," anatero, "koma munthu wabwinobwino sapezeka mumtengo wa mnzake kusanache."

"Wanena zoona, sali bwinobwino," anayankha NaSoko, atatsika pa ndege yake. "Nanga amako aja, zaka zawo zomaliza, sankabereka mtondo kumbuyo n'kumati ndi iweyo? Sitinkawabweza ife kunjanji akuti akupita kwa amayi awo? Unawatcha mfiti? Unawatsekera?"

Bashi Chomba anayang'ana pansi, nayamba kufukula dothi ndi chala cha kuphazi.

"Basi, tisachedwe," anatero NaSoko. "Woimba amamuperekeza ndi nyimbo yake. Koma nyimbo ya Katongo ndi ya anthu awiri, ndipo mwati onse kulibe. Ilira ng'oma yokha."

Anakhala pa mtondo, naika ng'oma pakati pa miyendo. Manja ake okalamba atangoigunda, Nsofwa anaizindikira nyimbo ya bambo ake. Anali mayendedwe omwe aja, odumphadumpha ngati munthu wopewa minga. Ng'oma inazungulira kamodzi, n'kuzunguliranso. Phokoso la pabwalo linazima pang'onopang'ono.

Kenaka kuseri kwa nyumba kunatuluka mawu. Anali osasa, onjenjemera, koma analowa pamalo pake penipeni.

"Mwango, dengu lako labooka,
mphalabungu zatayika m'njira.
Ndatola ine, ndikupatse liti?"

Panalibe amene anatsokomola. Mutu uliwonse unatembenukira kuseri, kenaka kwa Lombe. Ng'oma inasiya mpata wa woyankha, ndipo mpatawo unadutsa wopanda kanthu. Mawu aja anaitananso.

"Ndatola ine, ndikupatse liti?"

NaSoko sanamuyang'ane Nsofwa. Ankangoimba ng'oma, maso ali kumwamba, ngati munthu amene sadziwa chilichonse. Nsofwa anamva kiyi uja akumuwotcha m'chiuno. Lombe anamuyandikira, ufa ukuyoyoka m'zikope.

"Bana Kampamba," ananong'ona, "mukayankha, mwatiyalutsa."

"Tayaluka kale, Bashi Kampamba. Kadziyang'aneni pagalasi."

Kachitatu mawu aja anaitana, ndipo ulendo uno anali ofooka, ngati a munthu amene wayamba kukayika ngati kunjako kuli anthu. Nsofwa anatsegula pakamwa. Nyimbo imene ankaopa kuti imutsamwa inatuluka yokha.

"Sunga, Katongo, wakuba iwe, sunga,
ndidzazitenga tsiku lodzakutenga iwe."

Anayenda akuimba, zala zikumasula mfundo ya chitenje, khamu lonse lili pambuyo pake. Loko anatseguka mosavuta, ngati nayenso anali atatopa.

A Katongo anatuluka atagwira chitseko, dzanja lina litaphimba maso. Amene ankaseka aja anangoti zii. Malaya ankawalendewera ngati apachikidwa pamsomali. Bashi Chomba anavula chipewa.

A Katongo anamuyang'ana Nsofwa nthawi yaitali.

"Iwe si Mwango," anatero. "Mwango sankathamanga poyankha, ankandidikiritsa. Iwe ndiwe Nsofwa."

"Ndine, Tata."

"Wakula bwanji! Amako tinawaika pansi pa msuku paja, eti? Mvula inatinyowetsa."

"Inde, Tata. Inatinyowetsa."

"Ndimaiwala," anatero a Katongo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndikadzuka ndimaona kuti achedwa kuthengo. Ndiye ndimakwera mumtengo, kuti mwina ndiwaona akubwera ndi dengu."

Nsofwa anawagwira dzanja. Kumbuyo kwake amayi ena amene anabwera kudzalira mwamasewera anali akulira zenizeni.

"Madzi saiwala khwawa," anatero NaSoko, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Utsi wa nkhuni za Abemba ndi woipa bwanji."

A Katongo anaunguza pabwalo: moto, makasu, nthenga za nkhuku.

"Nanga anthu onsewa? Kwagwa maliro a ndani?"

"Ako, kapolo iwe," anayankha NaSoko.

"Anga? Ndiye ng'oma ikulira ngati mukusinja chinangwa chonchi? Angoni mudzaphunzira liti? Patseni banjo yanga." Kenaka maso awo anagwera pa Lombe. "Nanga mzukwa uwu ndi wa ndani?"

"Ndi mkamwini wanu, Tata."

"Ndinakuuza kuti umukane."

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Ngakhale Lombe mano anaoneka pakati pa ufa. Banjo itafika m'manja mwa mwini wake, mkuluyo anaisisita pamene panali mawaya, nayang'ana anthu modabwa. Lombe anakanda m'mutu.

"Mawaya aja," anatero motsitsa mawu, "ndinapachikira sopo kuokala."

"Thamanga," anatero NaSoko.

Lombe anathamanga, ana akumutsatira ndi kumukuwiza. Atabwerako anagwada monga mkamwini agwadira, napereka mawaya ndi manja awiri. A Katongo, amene sankadziwa tsiku kapena chaka, anamanga mawayawo osaphonya ngakhale limodzi, khutu lili pa banjo. Bashi Chomba anachoka mwakachetechete, nabwerera ndi mapeyala m'chipewa.

"Shikulu Katongo akadzafunanso kukwera," anauza Nsofwa osamuyang'ana kumaso, "mudzandiitane. Ndidzawagwirira makwerero."

Nkhuku za maliro zinadyedwa, ndipo mwini maliro anadya chiwindi ndi ntchafu zonse ziwiri. Dzuwa litapendeka, NaSoko anapita kuseri, nazula loko pachitseko, natambasula dzanja kwa Nsofwa.

"Kiyi. Mngoni sachoka pamaliro chimanjamanja."

"Loko ameneyo ndi watsopano!" anadandaula Lombe.

"N'chifukwa chake ndamutenga. Ndikatsekera nkhuku zako ziwiri zatsalazi, Abemba angandibere."

M'mawa mwake Nsofwa anawapeza bambo ake pakhonde, banjo ili pamiyendo, dzuwa likuwawomba kumaso. Anawapatsa phala. Iwo analandira ndi manja awiri, namuyang'ana mwaulemu.

"Zikomo, mayi. Kodi inu kwanu ndi kuti?"

Nsofwa anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Sanatchule dzina lake, ndipo sanalire. Anangong'ung'udza mayendedwe a ng'oma aja chapansipansi. Zala za mkuluyo zinayamba kuyenda pa mawaya, ndipo anaitana.

"Ndatola ine, ndikupatse liti?"

Ulendo uno Nsofwa sanathamange. Anawadikiritsa.